Kalaliki wa ku Luwawa ndi Lipoti Limene Ndinalemba

Ana anga, ndinanena kuti ndikadzapuma pa ntchito ndidzakulemberani za moyo wanga. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndazidumpha dala chifukwa mumazidziwa kale, ndiponso mulibe zambiri. Chigawo chino ndi cha zaka zimene ndinagwira ntchito ku Mzimba ngati namwino wa odwala matenda a maganizo. Tamanda, iwe amene ukuphunzira ntchito imeneyi ku koleji, wandifunsa kangapo kuti malamulo ake tinkaphunzitsana bwanji kalelo, pamene m'boma lonse munalibe ngakhale katswiri mmodzi wa zamaganizo. Ndilemba mmene zinakhalira. Mayina a anthu ndawasintha.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Nditamaliza unamwino wamba ananditumiza ku Zomba kukaphunzira kusamalira odwala misala. Sindinasankhe ndekha. Dzina langa linangopezeka pa mndandanda, ndipo anzanga anandipepesa ngati ndaferedwa. Kumeneko ndinaphunzitsidwa ndi Mayi Bwanali, namwino wamkulu, wamfupi, wosakonda kuseka. Za mankhwala ankatiphunzitsa mwachidule, koma pa nkhani ya mapepala ankatha tsiku lathunthu. Ankati wodwala malungo akachira amabwerera kwawo ali yemwe uja, koma munthu amene mwamulembera kuti ndi wamisala, dzinalo limamutsata mpaka kumanda. Tsiku lina anang'amba lipoti langa pamaso pa anzanga chifukwa ndinalemba kuti wodwala wina ndi waukali. Anandifunsa kuti, "Mwamuona akumenya ndani?" Ndinayankha kuti achibale ake ndi amene anena choncho. Iwo anati, "Ndiye lembani kuti achibale akuti ndi waukali. Inu mwaona munthu atakhala pa benchi akulira. Lembani zimenezo."

Kalata yonditumiza ku Mzimba inabwera m'mwezi wa Juni. Ndinayenda masiku awiri pa basi, kudzera ku Lilongwe ndi Kasungu, ndipo ndinatsika ndili mbuu ndi fumbi, ndi sutikesi imodzi ndi juzi yopyapyala imene sinkatha kulimbana ndi chisanu cha kumeneko. Amene anandilandira anali a Mkandawire, mkulu wa chipatala pa nthawiyo. Sanali dokotala wa digiri, koma ntchito zonse za udokotala ankagwira ndi iwo, kuyambira kuzula mano mpaka kusayina mapepala opita kukhoti. Anali munthu wamtali, wofatsa, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka. Anandionetsa kachipinda kuseri kwa wodi ya abambo, kamene poyamba ankasungiramo mabulangete. Munali tebulo, mipando iwiri ndi kabati yopanda loko. Anati, "Amama, odwala anu kuno ngambiri chomene, koma chipinda mbwenu ndi chomwechi." Chinthu choyamba chimene ndinapempha chinali loko wa kabatiyo. Anabwera patatha miyezi itatu.

Vuto langa lalikulu linali chilankhulo. Ntchito imeneyi ndi yomvetsera, ndipo ine Chitumbuka sindinkamva. Odwala ambiri, makamaka amayi a kumidzi, Chichewa ankangochidziwa cha moni. Miyezi yoyamba ndinkaitana mayi wina wokolopa m'mawodi kuti azinditanthauzira. Anali mayi wabwino, koma tsiku lina ndili pamsika ndinamva amayi awiri ogulitsa nyemba akukamba nkhani ya wodwala wanga, mpaka mawu enieni amene ananena m'kachipinda kaja. Sindinamukalipire mayiyo, chifukwa palibe amene anamuuzapo kuti zimenezo ndi zachinsinsi. Wolakwa ndinali ine. Ndinagula kope n'kuyamba kulemba mawu a Chitumbuka, ndipo chaka chisanathe ndinkatha kukhala ndi wodwala awiriwiri, ngakhale ankaseka katchulidwe kanga. M'chaka chachiwiri ndinakwatiwa ndi bambo anu, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale pa boma pomwepo.

Odwala ankafika kwa ife mochedwa. Ambiri ankayamba apita kovina vimbuza, gule amene anthu a kumeneko amachizira ovutika ndi mizimu, ndipo ena ankapezadi bwino kumeneko, sindingakane. Amene ankafika kuchipatala ndi aja zakanika, atamangidwa ndi zingwe za ng'ombe, ali m'ngolo, manja atatupa. Mankhwala okhazika mtima pansi ankabwera mwa apo ndi apo. Nthawi zina tinkatha miyezi iwiri tilibe, ndipo munthu amene anayamba kuchira ankabwerera pomwe anali. Mapepala nawo ankasowa. Mafayilo ambiri a zaka zimenezo ndinawalemba kuseri kwa mafomu akale a sikelo ya ana.

Pakati pa zaka za m'ma 1970

Maganizo oti ndiziphunzitsa ena anachokera kwa a Mkandawire. Zipatala zazing'ono za kumidzi zinkatitumizira anthu ndi makalata olembedwa mwachisawawa. Kalata ina yochokera kufupi ndi malire a Kasungu inangoti, "Uyu ndi wamisala, mutsekereni." Nditamufunsa bwino mayiyo ndinapeza kuti mwamuna wake anakwatira mkazi wina ndipo ankafuna nyumba. A Mkandawire atawerenga kalatayo anati tiziitana ogwira ntchito m'zipatala zimenezo kawiri pa chaka, sabata imodzi, ndiziwaphunzitsa.

Ankabwera anthu asanu ndi atatu kapena khumi, amuna ndi akazi, ambiri aakulu kuposa ine. Tinkakumana m'chipinda chodyera anamwino. Bolodi tinalibe, choncho ndinkalemba ndi choko pa chitseko cha kabati. Masiku awiri oyamba tinkakamba za matenda enieniwo ndi mankhwala ake. Masiku otsalawo anali a malamulo ndi khalidwe la wogwira ntchito. Ndinkawauza kuti lamulo sililola kutsekera munthu m'chipatala cha amisala iye asakufuna popanda lipoti la achipatala ndi chilolezo cha majisitireti, ndipo kutopa kwa achibale si chifukwa chokwanira. Ndinkawauza kuti asasayine pepala la munthu amene sanamuone ndi maso awo tsiku lomwelo. Wodwala azimuuza zoona za chimene akufuna kumuchita, ngakhale akuoneka ngati sakumva. Ndipo zimene wodwala wanena m'chipinda zizitsala momwemo, pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pangozi kapena khoti lalamula.

Pa mfundo yomalizayi ndi pamene pankavuta. Mukudziwa kuti inali nthawi ya chipani chimodzi. Anyamata a chipani ankaima pa geti la msika kufunsa makhadi, ndipo nthawi zina ankafika ndi pa geti la chipatala pomwe. Munthu sankadziwa kuti mnzake amene akudya naye amakanena kuti zimene wamva. Tsiku lina a Chisi, bambo wachikulire amene ankayang'anira chipatala chaching'ono cha ku Euthini, anakweza dzanja. Anati, "Amama, mwanena makora. Koma wofunsayo akakhala kuti ngwamphamvu kuposa inu, ndipo wabwera pa galimoto, mukuti tizimuuza vichi?" Ndinayankha kuti azimuuza mwaulemu kuti apite kwa mkulu wa chipatala ndi kalata ya khoti. Anthu anaseka pang'ono, kuseka koyang'ana pansi. A Chisi anangoti, "Yewo," n'kulemba m'kope mwawo.

Chaka chimene ndinabereka Limbani

A Yotamu Zgambo anabwera nawo akazi awo, NyaHara, m'nyengo ya dzinja. Anali kalaliki mu ofesi ya za nkhalango ku Luwawa, kumene kuli minda ya mitengo ya paini, koma kwawo kunali ku Engutwini. Anali bambo wa zaka za m'ma makumi anayi, wa ana aakazi atatu. Mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo anali atamira m'damu miyezi inayi m'mbuyomo. Chichitikireni zimenezo sankagona, sankadya bwino, ndipo anayamba kumva mawu owaitana kuchokera m'mitengo. Sanabwere omangidwa. Anavala jekete ndi tayi, ndipo anandipatsa moni m'Chingerezi.

Pa ulendo wachitatu ndi pamene anandiuza za chithunzi. Mu ofesi iliyonse ya boma munkakhala chithunzi cha mtsogoleri wa dziko pa khoma, ndi mwanga momwe chinalimo. A Zgambo anati matenda atafika poipa ankaona ngati maso a chithunzicho akuwatsatira kulikonse kumene akhala, ndipo akuwafunsa kuti anali kuti pamene mwana ankamira. Tsiku lina masana, anzawo atapita kokadya, anachitsitsa n'kuchitembenuza kuti chiyang'ane kukhoma. Chinakhala choncho mpaka pamene iwo eni anachibwezera anzawo asanabwere. Anachita zimenezi masiku angapo. Atamaliza kufotokoza anandifunsa kuti, "Amama, izi zikhala muno?" Ndinawauza kuti zikhala momwemo. M'fayilo ndinangolemba kuti wodwala amaona ngati zinthu za pa khoma zikumuyang'ana.

Mankhwala anawayanja, ndipo mwamwayi chaka chimenecho sanatithere. Pofika nthawi yokolola anali atabwerera ku ntchito, akugona bwino, mawu aja atasiya. Ankabwera mwezi ndi mwezi pa lole yonyamula matabwa kudzatenga mapiritsi.

Mu Ogasiti tinali ndi maphunziro aja. Panabwera anthu asanu ndi anayi. Tsiku lachiwiri ndinkafotokoza za odwala amene amaona kapena kumva zinthu zimene palibe, ndipo ndinaona kuti sakundimvetsa. Ndinafuna chitsanzo chamoyo. Ndinati, "Ndinali ndi wodwala wina, kalaliki wa kunkhalango, amene mwana wake atamwalira ankaona ngati chithunzi cha pa khoma la ofesi chikumuyang'ana, mpaka ankachitembenuza." Dzina sindinatchule. Ndinaona kuti m'chipindamo mwangoti zii, koma ndinaganiza kuti chitsanzocho chawagwira mtima. Ndili m'njira yopita kunyumba madzulo ake ndi pamene ndinazindikira chimene ndachita. Pa khoma la ofesi ya boma pankakhala chithunzi chimodzi chokha. Makalaliki a ku Luwawa anali owerengeka, ndipo woferedwa mwana posachedwa anali mmodzi. Tsiku lachinayi la maphunziro omwewo ndinaimirira n'kuphunzitsa za kusunga chinsinsi monga mwa nthawi zonse.

Amene anakanena sindinamudziwe mpaka lero. Mwina sanakanene n'komwe, mwina anangokambira mkazi wake, mkaziyo n'kukambira wina. Ndinasiya kalekale kuyesa kulingalira kuti anali ndani pa anthu asanu ndi anayi aja.

Patatha masabata atatu

Linali Lachiwiri m'mawa pamene a Mkandawire anandiitanitsa ku ofesi kwawo. Ndinapezamo amuna awiri ovala zawamba, ochokera ku ofesi ina ya boma imene sinditchula. Wamkuluyo ankalankhula Chichewa cha kwathu, mwaulemu kwambiri. Anati a Zgambo ali m'manja mwawo kuyambira Loweruka, ndipo akufuna fayilo yawo. A Mkandawire anayankha kuti fayilo ndi ya chipatala ndipo singatuluke popanda kalata ya khoti.  Bamboyo sanakwiye. Anati, "Palibe vuto, fayilo sungani. Mawa tibwera naye mumuyeze. Lachisanu tikufuna lipoti loyankha funso limodzi: kodi ndi wamisala kapena ayi? Ngati ndi wamisala, majisitireti asayina apite ku Zomba. Ngati si wamisala, ndi wathu." Akutuluka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mayi, tamva kuti inu nkhaniyi munaidziwa kalekale. Tikudabwa kuti simunabwere kudzatiuza."

Atapita, a Mkandawire anatseka chitseko. Sanandifunse mmene nkhaniyo inatulukira, ngakhale ndikhulupirira kuti anali atamva. Anati, "Amama, lipoti mulemba ndinu chifukwa munthuyu mumamudziwa. Ine ndisayina chilichonse chimene mulembe. Koma ndikuuzeni ngati adada anu: ku Zomba anthu amabwerako. Uko kwinako sitidziwa."

NyaHara anafika masana omwewo. Anayenda pansi mtunda wautali asanapeze lole, ndipo mapazi awo anali ofiira ndi dothi. Anakana mpando, anagwada pansi m'kachipinda kanga. "Ndapota, amama, lembani kuti ngwa vifusi. Lembani kuti sanachire. Ine ndidzanena pamaso pa aliyense kuti amandimenya, amayenda maliseche, chilichonse chimene mufuna. Bola akhale ndi moyo." Vifusi ndi mawu a kumeneko otanthauza misala. Ndinawadzutsa n'kuwapatsa madzi. Sindinawalonjeze kanthu, ndipo sindinawauze kuti gwero la zonsezi ndine.

Madzulo ake ndinawafotokozera bambo anu. Iwo anati ndikalemba kuti ndi wamisala, ndiye kuti ndadzipulumutsanso ndekha, chifukwa palibe amene angandiimbe mlandu wosakanena mawu a munthu wamisala. Anati tili ndi ana awiri, wina woyamwa. Sanandikakamize. Koma mawu awo anandionetsa chinthu chimene sindinafune kuchiona, kuti bodzalo linkandikomera inenso, ndipo sindikanatha kusiyanitsa ngati ndikulifuna chifukwa cha a Zgambo kapena chifukwa cha khungu langa.

Lachitatu anabwera nawo a Zgambo. Ndinapempha kuti ndiwaone awiriwiri monga mwa lamulo la ntchito, ndipo amuna aja anavomera kuima panja pa chitseko. A Zgambo anali opanda tayi ndi lamba, ndevu zitamera, koma maso awo anali bwinobwino. Ndinawayeza monga ndinkayezera aliyense. Ankadziwa tsiku, malo, ndi chifukwa chimene anawagwirira. Mawu aja sanabwerere. Ankagona mochepa, koma ndani akanagona kumene anali? Nditamaliza ndinatsitsa mawu n'kuwafotokozera m'Chitumbuka njira ziwiri zija, ndi zimene akazi awo anapempha. Ndinawauza kuti ndikalemba kuti akadali odwala apita ku Zomba, ndipo sindikudziwa kuti adzatulutsidwa liti chifukwa nkhani yawo si yachipatala chokha. Ndikalemba kuti achira, sindikudziwa kumene apite.

A Zgambo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Amama, inu mukuona kuti ndine wodwala?"

Ndinati ayi.

"Mbwenu mulembe bwanji kuti ndine wodwala? Ndili ndi ana aakazi atatu. Pepala la majisitireti likatuluka, ndani adzabweretse ng'ombe za malowolo ku nyumba ya vifusi? Ndinadwala, inde, ndipo munandichiza. Musandibwezerenso kumeneko ndi cholembera." Kenako anawonjezera kuti, "Koma ndikuopa chomene. Musaganize kuti sindikuopa."

Ndinawafunsa kawiri ngati amvetsa kuti mwina sadzabwerako. Anati amvetsa.

Lipotilo ndinalilemba Lachinayi, pa pepala labwino limene a Mkandawire anandipatsa kuchokera m'kabati yawo. Ndinalemba kuti a Zgambo anadwala matenda aakulu a maganizo mwana wawo atamwalira, kuti pa nthawi imeneyo ankaona ndi kumva zinthu zimene palibe, ndipo chilichonse chimene anachita m'miyezi imeneyo chinachokera ku matenda, osati ku maganizo a munthu wabwinobwino wofuna kunyoza wina aliyense. Ndinalemba kuti sayenera kuimbidwa mlandu pa zimenezo. Ndime yomaliza inati pa tsiku limene ndawayeza alibe zizindikiro za matendawo, akufunika kumwa mapiritsi awo tsiku ndi tsiku ndi kuonedwa mwezi uliwonse, ndipo palibe chifukwa chachipatala chowatsekera. A Mkandawire anawerenga kawiri. Anandiyang'ana, anavula magalasi, n'kusayina.

Lachisanu bambo uja anawerenga lipotilo ataimirira. Ndinaona maso ake akudumpha ndime zoyamba. Atafika kumapeto anati, "Ndiye kuti si wamisala. Zikomo, mayi." Ndinayesa kumuonetsa ndime ya pamwamba, koma anali atapinda kale pepalalo. Ndinamupatsa botolo la mapiritsi a miyezi iwiri kuti akawapatse. Analandira. Ngati anakafika sindinadziwe pa nthawiyo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Sabata yotsatira amuna aja anandiitana ku ofesi yawo kuti ndikafotokoze chifukwa chimene sindinakanenere nkhani ya chithunzi. Anandisunga pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, n'kundifunsa mafunso kwa mphindi zochepa chabe. Ndinayankha kuti zimene wodwala amanena ali m'matenda ndi zizindikiro, ndipo zizindikiro timazilemba m'fayilo, sitikazinena kwina. Anandiuza kuti ndizipita. Patatha mwezi kunabwera kalata yoimitsa maphunziro aja popanda kunena chifukwa, ndi ina yondisamutsira ku Euthini ngati namwino wamba. Ndinakagwira ntchito pansi pa a Chisi zaka zitatu, kubereketsa amayi ndi kubaya katemera. Bambo anu anatsala pa boma chaka chathunthu asanapeze malo pa sukulu ya kufupi, ndipo ankabwera pa njinga Loweruka. A Chisi sanatchulepo nkhaniyo ngakhale tsiku limodzi. Odwala maganizo akabwera ankangowalozera kwa ine.

Za a Zgambo ndinkangomva mphekesera. Mlandu wawo sunapite kukhoti. NyaHara anachotsedwa m'nyumba ya ku Luwawa n'kubwerera ku Engutwini ndi ana. Ndinakumana nawo kamodzi pa depoti ya basi pa boma. Ndinawapatsa moni, iwo anayang'ana kumbali n'kupitirira. Patatha chaka ndi miyezi ingapo ndinamva kuti a Zgambo atulutsidwa, miyendo itatupa, mano ena atachoka, ntchito itatha. Anayamba kulima chimanga ndi fodya kwawo.

Anthu angapo amene ankadziwa nkhaniyi anandiuza maganizo awo m'zaka zimenezo. Ena ankati ndinachita bwino, ena ankati ndinapereka munthu chifukwa chofuna kuoneka wolungama. A Mkandawire, pamene tinakambirana patapita nthawi, anati akanakhala iwo akanalemba bodza lija ndipo akanagona tulo. Sindinawatsutse. Anthu ena amene anatengedwa m'zaka zimenezo sanabwerere, ndipo a Zgambo akanakhala mmodzi wa iwo sindikudziwa ngati ndikanalemba chigawo chino mmene ndikulemberamu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Anandibwezera pa boma chifukwa amene analowa m'malo mwanga anapita kusukulu ndipo panalibe wina. Maphunziro aja anayambiranso mwakachetechete, pansi pa dzina lina. Ndinasintha kaphunzitsidwe. Zitsanzo zonse ndinkazipeka ndekha, ndipo ndinkanena poyambirira kuti n'zopeka. Ndinkawauza kuti kuchotsa dzina sikokwanira, chifukwa m'boma ngati lathu ntchito ya munthu, mudzi wake kapena maliro amene anamugwera ndi dzina kale. Ndinkawauzanso kuti ine mwini ndinaululapo chinsinsi cha wodwala ndikuphunzitsa, ndipo munthuyo anavutika kwambiri. Zambiri sindinkanena, ndipo iwo sankafunsa.

M'chaka chachiwiri chibwerereni, m'mwezi wa Okutobala kukutentha, ndinapeza a Zgambo atakhala pa benchi panja pa kachipinda kanga. Anabwera okha. Anali ataonda, tsitsi litachita imvi, koma jekete anavala. Anati tulo tayambanso kuwavuta ndipo safuna kudikira mpaka mawu aja abwerere. Ndinawayeza n'kuwalembera mankhwala. Anandiuza kuti mapiritsi aja sanawaone, koma matenda sanawabwerere ali m'ndende. Anati mwana wawo woyamba anakwatiwa chaka chatha, ndipo wachiwiri akumufunsira. Za lipoti lija anangoti, "Munalemba zimene ndinakupemphani. Amama a kunyumba sanamvetsebe, koma musawadandaule."

Ndinali nditatseka kale fayilo. Ndikanatha kuwasiya apite. Koma ndinawapempha kuti akhalenso pansi, ndipo ndinawauza zonse: za maphunziro a mu Ogasiti, za anthu asanu ndi anayi, ndi mawu enieni amene ndinanena. Ndinawauza kuti ndinawalonjeza kuti nkhaniyo ikhala m'chipinda chomwecho, ndipo amene anaitulutsa ndine.

Anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pa bondo. Sanakweze mawu. Anati, "Ine ndinkaganiza kuti ndi mesenjala wa pa ofesi yathu, a Moyo. Ndinkati mwina anandiona pa windo. Chitulukireni sindinawalankhule. Mayi awo atamwalira sindinapite ku maliro, ndipo ndinaletsa ana anga kupita." Anaimirira n'kuika mankhwala m'thumba la jekete. "Ndiyenera kupita ku Luwawa ndikawapepese adada aja. Lole ya matabwa ikadanyamukabe pa msika?"

Ndinawauza kuti imanyamuka ikamakwana 2 koloko. Anati, "Yewo," n'kutuluka.

Mwezi wotsatira anabwera pa tsiku lake. Ndinawaona pa windo akudutsa pa kachipinda kanga kupita ku ofesi ya a Mkandawire. Patapita kanthawi a Mkandawire anabwera n'kuima pakhomo. Anati a Zgambo apempha kuti kuyambira tsopano aziwaona iwowo, ndipo anafunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinati ndi ufulu wa wodwala. Ndinatsegula kabati, ndinatulutsa fayilo, ndinalemba pa tsamba lomaliza mlingo wa mankhwala ndi tsiku lodzabweranso, n'kuipereka. A Zgambo anapitiriza kubwera mwezi ndi mwezi kwa zaka zonse zimene ndinakhala ku Mzimba. Tikakumana pa khonde ankavula chipewa n'kundipatsa moni, ine n'kuyankha, koma m'kachipinda kanga sanalowenso.